Mmene Ndinanenepera ku Sakubva

Ndikukumbukira chaka chimene ndinanenepa. M'moyo wanga wonse ndinanenepako kamodzi kokha, ndipo kunenepa kwakeko kunatsala pang'ono kunditengera kuli chete. Tinkakhala ku Sakubva, mumzinda uno wa Mutare, umene masiku amenewo unkalembedwa kuti Umtali. Inali nthawi ya Chitaganya, anthu akwathu ku Nyasaland ali mbwee kuno, ena ku njanji, ena m'makhitchini a azungu, ena ku khonsolo. Ababa anali a ku khonsolo. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo ntchito yawo inali yotsegula ngalande ndi mipope ya madzi oipa ikatsekeka. Madzulo ankafika atavala ovolosi yabuluu ndi majombo ofika m'mawondo, fungo la mankhwala otsukira zimbudzi lili patsogolo, iwo pambuyo. Asanalowe m'nyumba ankayamba asamba kuseri ndi sopo wofiira mpaka khungu kuchita mbuu.

M'nyumbamo tinalimo anayi: ababa, amayi, achimwene anga a Yohane, ndi ine Enelesi. Inali nyumba ya zipinda ziwiri, yolumikizana ndi ya banja lina la Chimanyika, mtundu wa anthu a konkuno. Khoma lotilekanitsa linali lopyapyala moti Mai Tendai, mayi wa m'nyumba inayo, akatsokomola amayi ankawapepesa ali kwathu konkuno.

Ine ndinali woonda. Sikunali kuonda kwa matenda ayi. Ndinkadya, ndinkathamanga, mitengo ya mango ndinkakwera kuposa anyamata, koma thupi linkangokana. Miyendo inali ngati ya kakowa. Anzanga olankhula Chishona anandipatsa dzina loti Tsono, ndiye kuti singano, ndipo a Yohane ankati mphepo ya ku mapiri a Vumba ikayamba kuwomba azindimangirira kumpanda. Ine zonsezi sindinkazisamala kwenikweni, koma amayi zinkawalasa mumtima. Lachinayi ku msonkhano wa amayi a mpingo ankamva mawu oponyedwa cham'mbali: "Kodi mwanayu chakudya mumam'patsa koma?" Ankabwerako atakwinya nkhope, n'kundiphikira phala la nsinjiro, n'kuthiramo majarini, n'kundiimirira mpaka mbale itayera. Anandimwetsanso mafuta a nsomba a m'botolo, amene ndikangowakumbukira mpaka lero nseru imabwera. Zonsezo zinkangolowa ngati zikugwera m'dzenje.

Chaka chimenecho mvula inayamba msanga. Mapiri otizungulira anafunda nkhungu, misewu ya m'lokeshoni inasanduka matope ofiira, ndipo ife ana tinkaswera m'zithaphwi ndi m'kamtsinje ka kumunsi. Udzudzu unatiluma, tinakanda, zilonda zinabuka m'miyendo, zija zokhala ndi nkhanambo zachikasu. Panalibe mwana wopanda zilonda, choncho palibe amene ankaziyesa matenda. Amayi anandipaka mankhwala aja a mtundu wa maluwa a jakaranda, zilondazo zinauma, tonse tinaiwala.

Patapita milungu ingapo, tsiku lina ndinadzuka maso akulemera, zikope zili zotupa. Amayi anati ndagonetsa. M'mawa mwake masaya anali atadzaza. Tinali ndi kagalasi kothyoka pakona kamene ababa ankametera ndevu, ndipo nditadziyang'anira pamenepo ndinaona mtsikana wina wake wa nkhope yozungulira ngati mwezi, khungu losalala, lonyezimira. Ndinam'konda mtsikana ameneyo. Ndinam'mwetulira, iyenso anandimwetulira, maso ake n'kubisala m'masaya.

Woyamba kulengeza anali Mai Tendai, pampopi potunga madzi. Anatula ndowa, nagwira m'chiuno.

"Maiwe, mwana akora!" anakuwa motero, kutanthauza kuti mwana wanenepa.

"Ndi phala lija," anayankha amayi ngati akudzichepetsa, koma mano onse ali pamtunda.

Madzulo ababa anandinyamula m'mwamba n'kunena kuti, "Wayamba kulemera, Naphiri!" Ankanditchula choncho akakondwa. Tsiku lotsatira anabwera ndi bakayawo, nsomba youma ya mchere wambiri imene anzawo a ku njanji ankatenga ku Beira. Ababa mchere ankaukonda ngati mbuzi. Ndiwo asanazilawe n'komwe ankayamba awaza kaye. Tsiku limenelo anandisankhira nthuli yaikulu, nati ndidye chifukwa thupi lapeza njira.

Lamulungu diresi langa linathina m'khwapa, nsapato zinakana kulowa, ndipo ndinapita kutchalitchi wopanda nsapato. Amayi sanadandaule. Titatuluka m'mapemphero anandiyendetsa pang'onopang'ono pakati pa azimayi aja, akupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa amene sankayankhulana nawo. Pobwerera ababa anatipatutsira kwa wojambula zithunzi wa pamsika, amene anatiimika kutsogolo kwa nsalu yojambulidwa nyumba yosanja. Chithunzicho chinapita ku Dedza, ndipo ndinamva kuti agogo anachizunguliritsa mudzi wonse, akuuza anthu kuti ku Halale, monga ankatchulira dziko lonse lino, ana amadya bwino.

Chimene palibe ankadziwa n'chakuti mutu unkandipweteka. Kamtunda ka kusukulu, kamene kale ndinkakwera chothamanga, tsopano ndinkafika pamwamba ndili wefuwefu. Chakudya sichinkakomanso. Sindinadandaule, chifukwa ndinkaganiza kuti anthu onenepa onse amamva choncho. Panalinso chinthu china chimene sindinachione ngati nkhani: kuchimbudzi ndinkapitako mwa apo ndi apo. Zimbudzi zathu zinali za anthu onse, kumapeto kwa mzere wa nyumba, zamdima ndi zonunkha, kotero kusapitako kunali mpumulo. Ndipo mumdimamo mtundu wa zotuluka sunkaoneka.

Tsiku lina masana amayi anandikhazika m'bafa lachitsulo kuseri kwa nyumba kuti andisambitse. Dzuwa linali litatuluka pambuyo pa mvula, nthaka ikufuka nthunzi, ndipo iwo ankayimba nyimbo ya kukwaya. Anagwira mwendo wanga kuti akweche chidendene ndi mwala. Atausiya, pamene panali chala chawo chachikulu panatsala kadzenje. Anakayang'ana. Kadzenjeko sikanafufumenso. Anadina pamsongolo wina, monga mmene ankadinira papaya poona ngati lapsa. Panatsalanso kadzenje. Nyimbo ija inathera pakati.

"Enelesi, wakodza liti?"

"Dzulo. Kaya dzana."

Anadzuka, natenga chitini cha jamu chotsuka bwino, n'kundituma kuseri kwa mpanda. Ndinalimbana nthawi yaitali. Zimene ndinabwera nazo sizinaphimbe ngakhale pansi pa chitinicho, ndipo mtundu wake unali ngati wa tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa pamoto. Amayi anasuzumira m'chitinimo, kenaka anangokhala pansi pa dothi lonyowa, ndi chitenje chawo chochapa kumene.

Mai Tendai atamva anathamangira kwathu. Anadina mwendo wanga nawonso, napukusa mutu, nati mwana waponda chinthu chotcheredwa panjira ndi anthu ansanje, ndipo iwo ankadziwa munthu wina kuseri kwa phiri wodziwa kuchotsa zoterezi. Ankanena mwachikondi, misozi ili m'maso. Amayi anatsala pang'ono kuvomera, koma anayamba atuma a Yohane kukaitana ababa kuntchito.

Limenelo linali tsiku loyamba kuona ababa akulowa m'nyumba ndi majombo, osasamba. Anayang'ana m'chitini, anayang'ana miyendo yanga, anandikweza diresi n'kuona mimba ili ndendende.

"Amake Yohane," anatero, "izi si za kwa sing'anga. Madzi akakana kutuluka ndiye kuti penapake patseka. Tiyeni kuchipatala."

Anandikweza panjinga, ine nditawagwira m'chiuno, nkhope nditaikanikiza pa ovolosi yonunkha ija. Amayi ankatsatira wapansi atasenza bulangete.

Kuchipatala cha anthu akuda tinadikira pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi. Dokotala anali mzungu wamtali, wotopa. Ananditsegula zikope, anandimanga lamba wopopa pamkono, anayang'ana mkodzo wanga, n'kuyankhula Chingerezi chothamanga chimene ababa anangotolapo mawu awiri atatu. Mwayi wathu, womuthandiza anali munthu wakwathu, a Kamanga, amene anatitengera pambali dokotala atapita kwa wodwala wina.

Anditembenuza a Kamangawo, naika zikhato zawo kumsana kwanga, mbali iyi ndi iyi, pansi penipeni pa nthiti.

"Apa ndi apa pali impso," anatero. "Za mbuzi mumazidziwa. Za munthu n'chimodzimodzi, zooneka ngati nyemba, kukula kwake ngati nkhonya ya mwini wakeyo."

Anafotokoza modekha, ngati alibe mzere wa anthu owadikira. Anati chilichonse chimene munthu amadya ndi kumwa, thupi likatengapo mphamvu, pamatsala zinyalala, monga nkhuni zikayaka pamatsala phulusa. Zotsalira za m'matumbo zimatuluka pa njira yake imene tonse tikuidziwa. Koma pali zinyalala zina zimene zimasungunukira m'magazi momwemo, pamodzi ndi mchere ndi madzi opitirira muyeso, ndipo zimenezo n'zimene impso zimachotsa. Magazi onse a m'thupi amadutsa m'menemo mobwerezabwereza, usana ndi usiku, munthu ali m'maso kapena ali m'tulo. M'kati mwa impso muli timasefa tating'onoting'ono tosawerengeka. Timasefato timalekanitsa: zabwino zimabwerera m'magazi, zoipa pamodzi ndi madzi otsala zimatsikira m'timapaipi tiwiri mpaka m'chikhodzodzo, mmene zimasungika kufikira munthu atapita kukataya. Thukuta limachotsako pang'ono, mapapo amatulutsa mpweya woipa, koma ntchito ya impso palibe chiwalo china chingaigwire.

Kenaka anawerama n'kuloza zipsera za m'miyendo mwanga. Anati zilonda zija zinali ndi tizilombo, ndipo pamene thupi linkalimbana nato, nkhondoyo inakafika ku impso, timasefa tija n'kutupa. Tsopano madzi ndi mchere zinkalephera kutuluka, n'kumadzaza m'thupi, ndipo magazi pang'ono ankadonthera mumkodzo, n'chifukwa chake unada.

"Ndiye kuti kunenepa konseku ndi madzi?" anafunsa amayi.

"Madzi okhaokha, mayi."

Amayi anaphimba kumaso ndi mpango. Ababa anakanda m'mutu.

"Nanga titsegula ndi chiyani? Ifetu kuntchito kwathu pakatseka timalowetsa ndodo zachitsulo."

A Kamanga anaseka pang'ono. "Umu simulowa ndodo, bambo. Zimenezi zimafuna kupumula. Mwanayu agone pabedi osadzukadzuka, asalawe mchere ngakhale pang'ono, madzi tizimuyezera ife, ndipo tim'baya jekeseni wopha tizilombo totsala. Ana ambiri zimatseguka zokha." Anaima kaye. "Ambiri, osati onse. Tiziona tsiku ndi tsiku."

Anandigoneka m'wodi ya amayi ndi ana, pabedi lachitsulo loyandikira zenera. Inali nthawi yanga yoyamba kugona pabedi ndekhandekha, pa nsalu zoyera zonunkhira sitachi, koma sindinakondwe nazo. Jekeseni anali wowawa, phala linali la zii, koma choopsa kuposa zonse linali ludzu. Madzi ankabwera m'kakapu kakang'ono ngati ka mgonero wa kutchalitchi, ndipo ndikamwa ndinkatsala ndikunyambita m'mphepete. Kunja mvula inkagwa, madzi akutsika padenga n'kumangotayika pansi, ine ndikuwayang'ana lilime lili gwa. Pansi pa bedi panali botolo lalikulu lagalasi. Kalikonse kamene ndatulutsa, anamwino ankathira m'menemo, n'kuyang'ana, n'kuchoka.

Pabedi loyandikana ndi langa panali kamnyamata kotupa kuposa ine, ka matenda omwewo. Sitinkayankhulana kwambiri, koma tinkapikisana kuona amene kadzenje kake ka pamwendo kachedwa kufufuma. Tsiku lina m'mawa kanayamba kugwedezeka thupi lonse, maso atatembenuka. Anamwino anathamanga, anazunguliza nsalu zotchinga, kenaka anakatulutsa pa machira. Pofika masana bedi linali loyalidwa bwinobwino, lopanda munthu. Nditafunsa, namwino wina anandiyankha m'Chishona kuti kapita kwawo. Ine ndinakhulupirira, mpaka ndinakachitira nsanje. Koma amayi atabwera n'kuona bedi lija, anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zala zawo zinasiya timaenje tinayi pamkono wanga.

Alendo ankaloledwa madzulo dzuwa lisanalowe. Amayi ankafika oyamba, n'kukhala m'mphepete mwa bedi kumandipesa tsitsi. Tsiku lina ndinamva dontho lofunda likugwera pakhosi panga.

"Ndinkakuyendetsa pamaso pa anthu ngati ng'ombe ya pachionetsero," anatero motsitsa mawu, "chonsecho mwana wanga ukudwala. Ndine mayi wanji ine?"

"Koma ndinkaoneka bwino, eti amayi?"

Anaseka misozi ili chuchuchu, n'kundimenya pang'ono ndi chipeso.

Ababa ankafika mochedwerapo, atasamba, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Ankaima pakhomo la wodi, chipewa chili m'manja, n'kufunsa ndi mawu awo aja ozolowera kuitanira anzawo m'ngalande:

"Naphiri, lero zatuluka?"

Wodi yonse inkamva. Ine ndinkafunda bulangete kumutu chifukwa cha manyazi. Iwo analibe nazo ntchito. Ankagwada, n'kusolola botolo lija pansi pa bedi, n'kupita nalo pazenera, n'kulikweza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Ankalipendeketsa uku ndi uku, nkhope ili ngati ya woweruza milandu. Azimayi a m'wodimo anawapatsa dzina loti Inisipekitala, ndipo ikakwana nthawi ankayamba kugwedezana kuti Inisipekitala afika. Masiku oyambawo ababa ankabwezera botolo pansi mwakachetechete, n'kundisisita phazi, n'kunena kuti, "Mawa." Nditakula amayi anandiuza kuti akatuluka pachipata ankakankha njinga mpaka kunyumba osaikwera, osayankhula ndi munthu.

Za kunyumba ndinazimva kwa a Yohane, amene anabwera tsiku lina nkhope ili yakugwa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza:

"Iwe, uchire msanga. Tikufa ndi ndiwo zozizira."

Anandiuza kuti tsiku lomwe ndinagonekedwa, ababa atafika kunyumba anatenga chitini cha mchere n'kuchiika pamwamba pa kabati, nalamula kuti m'nyumba muno palibe wolawa mchere kufikira Naphiri atadzalawa. Bakayawo yense wotsala anakam'pereka kwa Mai Tendai. Amayi anawauza kuti kusala kwawoko sikungathandize impso za mwana ali kuchipatala, koma iwo anati akudziwa, ndipo sakufunsa maganizo a munthu. A Yohane anati ababa ankadya masamba opanda mchere akutafuna ngati akutafuna nyuzipepala, dzanja n'kumapita lokha pamene pankakhala chitini chija, n'kubwerera chabe. Iwo a Yohane anapeza nzeru: ikayandikira nthawi ya chakudya ankakumbukira mwadzidzidzi kuti Mai Tendai akufuna wowawazira nkhuni.

Sindikudziwa kuti ndinakhala masiku angati ndili chotupa. Kwa mwana waludzu tsiku limodzi ndi chaka. Chimene ndikukumbukira bwino ndi m'mawa wina, dzuwa litangoyamba kuwala pazenera, pamene ndinamva chinthu chimene ndinali nditachiiwala: chikhodzodzo chikundikankha. Ndinaitana namwino. Anabwera ndi mbale yachitsulo ija mosafulumira, poti anazolowera kuti ndimangomuvutitsa ndi timadontho. Koma tsiku limenelo kunamveka phokoso ngati mpopi wa pamsika. Namwino anatsegula maso. Asanafike n'komwe pakhomo, ndinamuitananso. Pofika masana botolo linali litadzaza, anabweretsa lachiwiri, ndipo mtundu unali ukusintha, kuchoka pa tiyi wakuda uja kufika pa tiyi wa kwa anthu oumira, amene masamba ake aviikidwa kachitatu. A Kamanga anadutsa, anayang'ana, anandipsinya mphuno n'kunena kuti, "Impso zadzuka."

Amayi atafika n'kuona mabotolo awiri, anakhala pansi n'kuyamba kupemphera chamumtima. Azimayi a m'wodi anapangana kuti asanene kanthu, adikire Inisipekitala. Itakwana nthawi, maso onse anali kukhomo.

"Naphiri, lero zatuluka?"

Tsiku limenelo sindinafunde bulangete. Ndinaloza pansi pa bedi. Ababa anagwada, anasolola botolo loyamba, anaona kuti kumbuyo kwake kuli linanso. Anawanyamula onse awiri, lina dzanja ili lina dzanja ilo, napita nawo pazenera. Anawakweza kudzuwa nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka, misozi ikutsikira m'ndevu, n'kulengeza kwa wodi yonse:

"Patseguka!"

Mayi wina wa bandeji kumutu anayamba nthungululu, ena n'kulandira, mpaka mkulu wa anamwino anatulukira kuti aone chachitika n'chiyani. Anapeza bambo wamkulu wovala jekete akuvina pang'onopang'ono pakati pa mabedi, atakumbatira mabotolo awiri a mkodzo ngati mapasa. Anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma anangotembenuka n'kutuluka, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuphwa ngati chubu cha njinga. Masaya anapita, mimba inapita, akakolo anaonekanso. Mutu unasiya kupweteka, ndipo kakapu ka madzi kanasanduka kapu yeniyeni. Tsiku lotuluka amayi anandiveka diresi lija linkathina m'khwapa, ndipo linangolendewera ngati lapachikidwa pamsomali. Anazunguliza zala ziwiri pamkono wanga, zala n'kukumana, malo n'kutsalako.

"Singano yanga yabwerera," anatero. "Wina adzangoyerekeza kunena za kuonda kwako, adzandiona."

Ndipo anachitadi. Mayi wina wa mumpingo atayambanso nyimbo yake ija, amayi anam'yankha pamaso pa anthu kuti mwana wawo anayesapo kunenepa ndipo sizinam'yanje. Mafuta a nsomba sanaonekenso m'nyumba mwathu.

Mchere sunabwerere msanga. A Kamanga anati tidikire, tizipita kukayezetsa mkodzo mpaka magazi atatheratu, choncho chitini chinakhalabe pamwamba pa kabati mpaka mvula inatha, mango anatha, kuzizira kunayamba. Ababa sanabwerere m'mbuyo pa lamulo lawo, ngakhale anaonda mpaka lamba kumuboola bowo lina. Tsiku limene tinauzidwa kuti mkodzo wayera, amayi anaphika nyemba. Ababa anakwera pampando, anatsitsa chitini, anachipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Anatapa ndi zala ziwiri n'kuwaza m'mbale mwanga, pang'ono pokha, ngati akuthira mankhwala. Onse anandiyang'ana ndikutafuna. Nyemba zimenezo sindinadyenso zofanana nazo. Nditameza, ababa anapumira m'mwamba, anakokera chitini kwa iwo, ndipo amayi anachita kuwagwira dzanja kuti ndiwo zisasanduke bakayawo.

Zinthu zasintha tsopano. Ababa ndi amayi anagona kalekale m'dothi la Mutare lomweli, ku Dedza osabwererako. A Yohane nawo anatsatira. Ine ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi ku Gimboki, dera lina la mzinda womwewu, kumene kale kunali tchire lokhalokha. Masiku ano mwana akatupa nkhope, anthu ambiri amadziwa kuti si phala lagwira ntchito. Kuli mapiritsi otsitsa madzi m'thupi, kulinso makina otsuka magazi a munthu amene impso zake zatopa, ngakhale si aliyense amawafikira. Anzanga angapo a msinkhu wanga, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ndawaperekeza chifukwa cha ziwalo ziwiri zomwezi, zimene munthu sazikumbukira kuti ali nazo kufikira tsiku limene zaima.

Chinyanja chathu nachonso chikuphwa. Adzukulu anga amachimva koma amayankha m'Chishona. Posachedwapa mmodzi wa iwo, mtsikana wa kusekondale, ankakonzekera mayeso, ndipo anandionetsa pafoni chithunzi cha m'kati mwa munthu, chamitundumitundu, magazi akuyenda, timapaipi tikuoneka bwinobwino. Ankadziwa dzina la kachigawo kalikonse m'Chingerezi, mayina aatali amene ine lilime silingawakwanitse. Ndinam'funsa kuti nanga m'chiyankhulo cha kwathu tinyemba tiwirito timatchedwa chiyani. Anati itsvo. Ndinati chimenecho ndi Chishona, kwathu timati impso. Anayesa, milomo inakana kutseka pamalo pake, mawu n'kutuluka ngati akuthamangitsa mphaka. Tinaseka mpaka kutsokomola. Anayesanso, kachitatu anakhoza.

Kenaka anazungulira kumbuyo kwanga, anandigwira m'nthiti ndi manja ake ofunda, n'kufunsa m'Chinyanja chake chopunduka:

"Agogo, zanu zikugwirabe ntchito?"

Ndinamuuza kuti adikire kaye ndibwere, ndikamuyankha bwino. Ndinatenga ndodo yanga n'kulunjika kuseri.